Kodi kutchuka kwa Kaoru Mitoma n'kwa luso lake, kapena n'kwa makamera?

Mphunzitsi wa ku Linga, Nkhotakota

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumakambirana za mpira pano. Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Nkhotakota, ndipo madzulo a Lachitatu ndi Lachisanu ndimaphunzitsa mpira anyamata osapitirira zaka 14 pa bwalo lathu lamchenga, limene mvula ikagwa limasanduka dambo. Pakati pa anyamatawa pali wina wochepa thupi, wa Sitandade 7, amene amasewera mbali ya kumanzere ngakhale kuti mwendo wake wamphamvu ndi wamanja, ndipo anzake anasiya kalekale kumuitana dzina limene makolo ake anamupatsa. Onse amangoti Mitoma. Sabata yatha ndikuchonga masamu ndinapeza dzinali litalembedwa ndi bolopeni pachikuto cha kope lake, m'munsi mwake muli nambala 22, ndipo nditamufunsa kuti mwini dzinayo kwawo n'kuti, anandiyankha mosakayika kuti ndi Mchaina wa ku Brighton.

Ndinamuwongolera kuti munthuyo ndi wa ku Japan, koma nkhaniyi sinachoke m'mutu mwanga. Ife tikukula, mayina a pa mpira wa chikulunga anali a Okocha, Ronaldinho, Henry ndi Drogba, pomwe akuluakulu athu ankasimba za Kinnah Phiri. Dziko la Japan tinkalidziwira pa magalimoto, monga masienta amene adzaza msewu wa Salima ndi Dwangwawa, komanso pa achinyamata odzipereka amene akhala akubwera kudzathandiza m'masukulu ndi m'zipatala kuyambira 1971. Ngakhale pamene timu ya Wanderers inkatchedwa Be Forward chifukwa cha kampani ya ku Japan yogulitsa magalimoto, sindikumbuka mwana aliyense akudzitcha dzina la wosewera wa kumeneko.

Tsono funso langa ndi ili. Zatheka bwanji kuti wosewera wa timu imene kuno ilibe masapota, munthu amene sanapatepo chikho chilichonse ku England, alowe m'kamwa mwa ana a kunyanja kuno? Mnzanga amene timaphunzitsa limodzi akuti zonsezi ndi malonda chabe, akuti matimu a ku Ulaya amagula osewera a ku Japan pofuna kugulitsa majezi kwa anthu andalama a kumeneko, kenako makamera amawakuza kuti ndalamazo zibwerere. Ine sindikufuna kuvomereza kapena kutsutsa ndisanamve kwa odziwa. Ndikufunanso kumva ngati kwawoko amatchuka monga mmene ife tikuganizira, pakuti pali mbalame zina zimene zimalira kwambiri kutchire kuposa pamudzi.

A Mbewe, Dwangwa

Aphunzitsi, mwafunsa bwino, koma mnzanuyo ndikumutsutsa, ndipo ndimutsutsa ndi mbiri ya munthuyo osati ndi chikondi changa pa iye. Mitoma anabadwa mu 1997 ndipo anakulira mu mzinda wa Kawasaki, m'timu ya ana ya Kawasaki Frontale. Atafika msinkhu woti akwezedwe kupita ku timu yaikulu anapatsidwa mwayiwo, koma iye anaukana ponena kuti sanakhwime, n'kupita ku yunivesite ya Tsukuba kukaphunzira zamasewero kwa zaka zinayi uku akusewera m'timu ya pasukulupo. Taganizirani mnyamata wa kuno ataitanidwa ndi Bullets kapena Silver Strikers, iye n'kuyankha kuti ayambe wamaliza digiri. Abale ake akhoza kumutengera kwa asing'anga. Pa yunivesitepo kafukufuku wake womaliza anali wokhudza njomba. Anamangirira timakamera pamitu ya osewera pofuna kuona kumene maso a munthu amayang'ana akamapita kwa mdani ndi mpira, ndipo anapeza kuti odziwa njomba sayang'anitsitsa mpira umene uli kuphazi kwawo, koma amayang'ana thupi la mdaniyo ndi mpata umene uli patsogolo.

Anayamba mpira wolipidwa mu 2020 ali ndi zaka 22, msinkhu umene ku Ulaya ena amakhala atasewera kale nyengo zinayi. M'chaka choyambacho anamwetsa zigoli 13 mu ligi ya ku Japan, timu yake inatenga ligi, ndipo pa 1 Januwale 2021 ndi iyeyo amene anamwetsa chigoli chokhacho pamene Kawasaki inagonjetsa Gamba Osaka n'kutenga chikho cha Emperor's Cup. Brighton inamugula mu Ogasiti 2021 pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 3 miliyoni, ndalama imene m'ligi ya ku England ndi ya mchere, ndipo sinamuvekenso jezi yake nthawi yomweyo koma inamubwereketsa ku Union Saint-Gilloise ya ku Belgium kwa chaka chathunthu. Apa m'pamene mfundo ya mnzanuyo ikugwera. Munthu amene wamugula kuti akugulitsire majezi sumubisa ku Belgium.

Chimene chinamutulutsa poyera ndi ntchito ya miyendo yake. Mu Malichi 2022 ku Sydney, pa masewero ofunika opitira ku World Cup, analowa kutatsala mphindi zochepa zinthu zili 0-0, n'kumwetsa zigoli ziwiri zimene zinagonjetsa Australia ndi kutengera Japan ku Qatar. M'nyengo yake yoyamba mu Premier League anamwetsa zigoli 7, kupitirira 6 zimene Shinji Kagawa ndi Shinji Okazaki anafikapo aliyense pa nyengo imodzi, ndipo Brighton inamaliza pa nambala 6 n'kulowa mpikisano wa ku Ulaya koyamba m'mbiri yake. Mu Januwale 2025 anapitirira zigoli 14 za Okazaki n'kukhala wa ku Japan womwetsa zigoli zambiri mu ligiyo, ndipo nyengo imeneyo anaitseka ndi zigoli 10. Ndikudziwa kuti wina anena kuti zigoli 10 si kanthu poyerekeza ndi za Salah kapena Haaland, ndipo akhala akunena zoona, koma winga wa mtundu wa Mitoma sayezedwa ndi zigoli zokha. Amayezedwa ndi mantha amene amaika mwa wotchinga kumbuyo, moti mphunzitsi wa timu inayo amakakamizika kumuikira anthu awiri, ndipo potero mpata umatseguka kwina. Mwana wanuyo anasankha dzina labwino, ndipo poti amasewera kumanzere ndi mwendo wamanja, anasankhanso mwanzeru, chifukwa mwini dzinayo amasewera chimodzimodzi.

Mwini vidiyo sho, Kamuzu Road, Salima

A Mbewe afotokoza mbiri mwadongosolo ndipo palibe chimene ndingachotsepo, koma ndikupempha kuti mundilole ndiyankhe funso la aphunzitsi kuchokera pakhomo pamene ndimatolera ndalama, chifukwa kutchuka kwa wosewera kuno ine ndimakuwerenga pa mabenchi. Ndakhala ndikuonetsa mpira kwa zaka zoposa khumi, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti Brighton ikamasewera ndi Burnley kapena Bournemouth sindiyatsa n'komwe jenereta ngati magetsi azima, chifukwa obwera sakwana kulipira mafuta. Anyamata onse amene amadzitcha Mitoma m'misewumu sindinawaonepo akulipira pakhomo kuti adzamuonere iyeyo payekha kwa mphindi 90. Amamuona pamene Brighton yakumana ndi timu zawo, ndipo timu zawozo ndi Manchester United, Arsenal, Chelsea, Liverpool ndi Manchester City.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wosewera wa timu yaing'ono satchuka kuno chifukwa chokondedwa, amatchuka chifukwa wachititsa manyazi timu imene theka la holo limadana nayo. Ndikukumbukira bwino Januwale wa 2023. Brighton inakuntha Liverpool 3-0 mu ligi, ndipo tsiku limenelo Trent Alexander-Arnold anavutika ndi Mitoma kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza. Patangotha masabata awiri anakumananso mu FA Cup, zinthu zili 1-1 nthawi itatha kale, mpira unamupeza Mitoma chakumapeto kwa golo, anaulandira, n'kuunyamula pang'ono ndi phazi lomwelo kuti Joe Gomez adutse ngati wapsa, kenako n'kuumenya usanagwe pansi. Amene analumpha m'holo mwanga mpaka kuthyola benchi sanali a Brighton, pakuti a Brighton kunalibe. Anali a Manchester United ndi a Arsenal, ndipo kwa sabata yathunthu wakabaza aliyense wa Liverpool akamadutsa pa siteji anzake ankangofuula kuti Mitoma. Dzinali linafala ngati chida chonyozera lisanakhale dzina laulemu. Mu Febuluwale 2025 zinatembenukira a Chelsea, pamene goloboyi wa Brighton anaponya mpira wautali, Mitoma akuthamanga n'kuutsitsa kuchokera kumwamba ukuchokera kumbuyo kwake ngati wamangidwa chingwe kuphazi, n'kugoletsa. Usiku umenewo a Liverpool anabweza ngongole yawo yonse.

Chinanso chimene a Mbewe sanatchule ndi foni. Luso la Mitoma limakwana mu kanema wa masekondi 20, ndipo kanema wotere amayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook ngakhale munthu ali ndi bandulo yochepa. Mnyamata wa aphunzitsiyo ndikukhulupirira kuti sanaonerepo masewero athunthu asanu a Brighton, koma njomba zomwezo waziona kambirimbiri pa foni ya mkulu wake, ndipo kanemayo saonetsa masiku amene munthuyo anavulala n'kukhala kunja miyezi, kapena masewero amene anatsekeredwa osaoneka n'komwe. Palinso anyamata obetcha, amene amadziwa mayina a osewera a matimu onse chifukwa ndalama zawo zili pamenepo. Iwo wosewera akawadyetsa kamodzi amamuimba nyimbo, akawaluzitsa amamutukwana usiku wonse. Sindikunena kuti luso alibe, ayi, luso ali nalo lochuluka. Ndikungonena kuti ku Spain kuli Takefusa Kubo wa Real Sociedad, amenenso ndi katswiri wa ku Japan yemweyo, koma pa siteji ya kabaza palibe amene amamutchula, chifukwa ligi yake kuno imaonedwa pokhapokha Real Madrid kapena Barcelona ikamasewera.

Mayi NaBanda, Senga Bay

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funso lanu. Ine za njomba sindidziwa zambiri ngati abambo amene ayankha kalewa, koma mbali yachiwiri ya funso lanu ndingathe kuikhudza, popeza mu 2023 ndinakhala ku Japan kwa miyezi ingapo pa maphunziro a ulimi wa mpunga wothirira, ndipo chimene ndinaona chinandidabwitsa monga munthu wochokera kudziko limene masewero ndi amodzi okha.

Kumeneko mpira wamiyendo si umene uli pamwamba pa zonse. Masewero amene nkhani zamadzulo zimayambira ndi baseball, aja omenya kampira ndi ndodo, ndipo nkhope imene ndinkaiona paliponse, m'masitima, m'masitolo ndi pa zikwangwani, inali ya Shohei Ohtani, amene amasewera baseball ku America. Chaka chimenecho Japan inali itangogonjetsa America n'kutenga chikho cha dziko lonse cha masewerowo, ndipo mu Disembala Ohtani anasaina kontirakiti ya madola 700 miliyoni ya zaka 10 ndi timu ya Los Angeles Dodgers. Munthu ameneyu pa Kamuzu Road palibe angamuzindikire, pomwe kwawo ngakhale agogo osatsatira masewero amamudziwa. Ligi ya mpira wamiyendo yolipidwa inangoyamba mu 1993, ndipo ngakhale yakula kwambiri, inapeza baseball itazika kale mizu. Musaiwalenso za nthawi. Iwo ali patsogolo pathu ndi maola 7, kotero masewero a ku England amene ife timaonera chakumadzulo dzuwa likupendeka, iwo amawapeza pakati pa usiku, ndipo amene amadikira ndi okhawo okonda mpira kwenikweni. M'lingaliro limeneli mwana wa ku Salima ali pafupi ndi Brighton kuposa mwana wa ku Tokyo.

Koma musamve ngati ndikunena kuti Mitoma kwawo sadziwika. Amadziwika kwambiri, ndipo chimene chinamufikitsa kwa anthu wamba si Brighton, koma mphindi imodzi ya ku Qatar. Pa 1 Disembala 2022 Japan inakumana ndi Spain, ndipo zinthu zili 1-1 m'chigawo chachiwiri mpira unkaoneka kuti watuluka kumzere wa kugolo, koma Mitoma anautsetserekera n'kuubwezera mkati, Ao Tanaka n'kugoletsa. Oyimbira anadikira nthawi yaitali akuunika pa kanema, mpaka anagamula kuti kachigawo kakang'ono ka mpirawo kanali kadakali pamwamba pa mzere. Japan inapambana 2-1, inatsogola m'gulu lake, ndipo Germany inapakira. Ife kuno tinaonera nthawi ya 9 koloko usiku, koma kwawoko inali 4 koloko mbandakucha, ndipo anthu anadzuka kapena sanagone n'komwe. Chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba, choonetsa mpirawo utatsala pang'onong'ono kuchoka pa mzere, chinabala mawu akuti milimita imodzi ya Mitoma, ndipo mayi amene ankatiphunzitsa za kasamalidwe ka madzi m'minda, amene ananena yekha kuti mpira satsatira, anawatchula mawuwa tsiku lina potiseka pamene tinkayeza kuya kwa madzi mosasamala. Chinawonjezera kukoma kwa nkhaniyi n'choti Mitoma ndi Tanaka anakulira limodzi ku Kawasaki, akusewera m'timu imodzi ya ana. Patapita masiku anayi Japan inatuluka pa mapenate ndi Croatia, Mitoma anali mmodzi mwa atatu amene anaphonya, ndipo analira pamaso pa makamera, koma sindinamvepo munthu kumeneko akumukumbutsa za penateyo mwachipongwe.

Chimene ndinaona n'choti iwo amamukonda pa chifukwa chosiyana ndi chathu. Kuno timamukonda chifukwa amagwetsa anthu pansi. Kumeneko makolo amamutchula ngati mwana wofatsa amene anamaliza sukulu, wosamala chakudya ndi tulo, wolankhula motsitsa mawu ndi wosakonda kudzionetsera, ndipo khalidwe lotere ndi limene makampani a kumeneko amafuna pa malonda awo. Choncho mnzanu uja sanalakwe kotheratu, aphunzitsi. Malonda alipo ndithu, ndipo Brighton yomweyo inapita ku Tokyo mu Julayi 2024 kukasewera masewero okonzekera nyengo, ulendo umene sindikhulupirira kuti ukanachitika pakanapanda iyeyu. Koma malondawo anabwera pambuyo pa luso, sanalitsogolere.

Ndisanatseke ndinene kanthu kamodzi kamene kamandipweteka ndikamva ana athu akudzitcha mayina akutali. Mu 2024 Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligiyo pa nyengo imodzi, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Abambo a vidiyo sho, kodi munayamba mwaonetsako masewero ake ngakhale amodzi? Sindikukudzudzulani, pakuti ndikudziwa kuti nthawi yake imagwera usiku ndipo mumaonetsa chimene anthu alipira, koma zimenezi zikutsimikiza mfundo yanu yomwe ija yoti kuno munthu amatchuka molingana ndi chimene chaikidwa pa sikirini Loweruka madzulo.

Gogo Chisale, wopuma pa ntchito, Benga

Ana anga, ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti mukulankhula ngati mpira wa ku Japan unayamba ndi mnyamata ameneyu. Ndiloleni ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono, chifukwa mfundo ya majezi imene mnzawo wa aphunzitsi wanena ili ndi kumene inachokera. Mu 2001 Arsenal inatenga Junichi Inamoto, ndipo chaka chonse chinatha osasewera masewero a ligi ngakhale amodzi, moti anthu ankanena poyera kuti anamutengera malonda. Chaka chotsatira, pa World Cup imene Japan inachititsa limodzi ndi South Korea, Inamoto yemweyo anamwetsa zigoli ziwiri, china pa Belgium china pa Russia, koma chitonzo chija chinakhalabe ndipo chakhala chikutsatira wosewera aliyense wa kumeneko amene wapita ku England. Mnzanuyo akubwereza nkhani ya zaka zoposa 20 zapitazo osadziwa kuti inakalamba.

Pa nkhani ya kutchuka, ine sindivomereza kuti Mitoma wafika pamene panafika Hidetoshi Nakata kapena Keisuke Honda. Nakata anapita ku Perugia mu 1998, nthawi imene ligi ya ku Italy inali yoopsa kuposa ina iliyonse, ndipo pa masewero ake oyamba anamwetsa zigoli ziwiri pa Juventus. Mu 2001 anatenga ligi ndi Roma. Ankasintha mtundu wa tsitsi, ankavala ngati munthu wa mafashoni, atolankhani sankawakhulupirira moti ankalankhula ndi anthu kudzera pa tsamba lake la pa intaneti pamene ambiri a ife tisanaione n'komwe intanetiyo, ndipo mu 2006 anangosiya mpira ali ndi zaka 29 zokha n'kuyamba kuyendayenda m'mayiko. Ameneyu anali munthu woti ngakhale wosakonda mpira ankafuna kudziwa chimene wachita lero.

Honda ndiye ife a mu Africa tiyenera kumukumbukira ndi kuwawa mtima. Mu 2010 ku Bloemfontein ndi iyeyo anamwetsa chigoli chimene chinagonjetsa Cameroon ya Samuel Eto'o. Mu 2014 anagoletsa pa Ivory Coast, ngakhale kuti tsiku limenelo Japan inagonja 2-1. Mu 2018 analowa mochedwa n'kubweza chigoli pa Senegal kuti alepherane 2-2, ndipo pamapeto pake Senegal inatuluka chifukwa chokhala ndi makadi achikasu ambiri kuposa Japan, zina zonse zili zofanana. Mipikisano itatu, matimu atatu a kuno. Munthuyu ankavala mawotchi awiri, wina kudzanja ili wina kudzanja ilo, ankalengeza poyera kuti Japan ikhoza kutenga World Cup anthu akumuseka, anavala jezi nambala 10 ku AC Milan monga mmene analembera ali mwana wa pulayimale, anagula gawo la timu ya Bright Stars ku Uganda, ndipo anatsogolera timu ya dziko la Cambodia iye akuseweranso mpira kwina. Honda ankadziwa kuti kutchuka ndi munda, ndipo ankaulima yekha ndi pakamwa pake. Mitoma salima munda umenewo. Amamulimira ndi anthu ena, monga abambo a vidiyo sho afotokozera. Palinso nkhalamba inzanga Kazuyoshi Miura, wobadwa mu 1967, amene anamwetsa chigoli mu ligi ali ndi zaka 50 ndipo anapitiriza kusewera pambuyo pake, yemwe kwawo amangomutcha Mfumu Kazu ngakhale kuti sanapondepo pa bwalo la World Cup, atasiyidwa pa ulendo wa ku France mu 1998.

Koma chimene ndikufuna aphunzitsi aganizire kwambiri ndi ichi. Mwanena kuti Mitoma sanapate chikho ku England, ngati kuti chikho ndicho chimabala dzina. Kagawa anatenga ligi ndi Manchester United mu 2013, ndipo chaka chomwecho anamwetsa zigoli zitatu pa masewero amodzi ndi Norwich. Okazaki anatenga ligi ndi Leicester mu 2016, akuthamanga ngati galu wosaka kuti Vardy ndi Mahrez atchuke. Wataru Endo, amene panthawiyo anali kaputeni wa timu ya dziko lawo, anatenga ligi ndi Liverpool mu 2025. Onsewa ali ndi mendulo imene Mitoma alibe, koma ndiuzeni ngati pa bwalo lililonse kuyambira Chipoka mpaka Dwambazi munamvapo mwana akudzitcha Okazaki kapena Endo. Mwana sangathe kutsanzira mendulo, ndipo sangathe kutsanzira munthu amene ntchito yake ndi kutseka mipata imene ife oonera sitiiona. Njomba ndiyo imene angaione lero n'kukaiyesa mawa pa mnzake kuseri kwa kalasi, anthu n'kuseka. Ndi chifukwa chomwecho ife tinkadzitcha mayina a odyetsa njomba a m'nthawi yathu, ndipo ndi chifukwa chomwecho Gabadinho Mhango atagoletsa Morocco kuchokera kutali mu Januwale 2022, ana onse a kuno anatha mwezi akumenya mpira kuchokera pakati pa bwalo, magalasi a tchalitchi chathu n'kuona zakuda.

Mphunzitsi wa ku Linga, Nkhotakota

Ndathokoza kwambiri nonse, makamaka inu agogo ndi inu mayi, chifukwa mwandipatsa zimene sindikanazipeza pa tebulo la mu stafu. Mnzanga uja ndamuwerengera zonse; pa Inamoto anaomba m'manja kuti mwamuvomereza, koma pofika pa nkhani ya ku Belgium anati ali ndi kalasi.

Lachisanu ndinawakhazika pansi anyamata aja tisanayambe, ndipo ndinawafotokozera za timakamera ta pamutu zimene a Mbewe analemba. Kamera tilibe, choncho ndinaimika mnyamata mmodzi kumbuyo kwa wotchinga atakweza zala, ndipo ndinalamula kuti aliyense wobwera ndi mpira atchule chiwerengero cha zalazo asanadutse mdani wake. Mitoma wathu, amene ndinkayesa kuti apambana mosavuta, analephera kanayi motsatizana, chifukwa maso ake sachoka pa mpira, ndipo anakwiya mpaka kufuna kulira. Kachisanu anatchula bwino koma mpira anausiya m'mbuyo. Za yunivesite anamvetsera mwachidwi ndithu, ngakhale kuti funso lake loyamba linali loti kodi kumeneko masamu amawerengeranso.

Ndinayesanso mfundo ya agogo. Tili ndi mnyamata wina wapakati, wosalankhulalankhula, amene amalanda mipira yambiri kuposa aliyense ndipo alibe dzina la pabwalo. Ndinamuuza pamaso pa anzake kuti kuyambira lero akhale Endo, kaputeni wa dziko lonse la Japan, mwini mendulo ya ligi ya ku England. Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kupempha mwaulemu kuti ngati n'kotheka ndimupatse Van Dijk.